Njinga yanga inandichenjeza milungu itatu, ine osamva

Amene mukuwerenga izi pafoni chifukwa Loweruka munali kumpira, musadandaule, ndalemba monga mmene ndinalankhulira. Chimene mwaphonya ndi foloko yothyoka ija imene inayenda m'manja mwa aliyense, komanso mandasi.

Ambiri munandiona mwezi wa June ndikuyenda mkono uli pansalu yokoleka m'khosi, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Mukandifunsa ndinkangoti, "Ndagwa panjinga." Silinali bodza, koma nkhaniyo ndinkaidula pakati. Lero ndikufuna ndiimalize, chifukwa mbali imene ndinkabisayo ndi imene ingathandize wina muno.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinagwira ganyu miyezi isanu pashopu ya achimwene anga, ndipo ndalama zonsezo ndinagulira njinga ya mpikisano ya kaunjika. Felemu yake ndi ya aluminiyamu, koma foloko, chija chimagwira tayala lakutsogolo, inali ya carbon fibre, imene ambirife timangoti kaboni. Kupepuka kwake, munthu umanyamula njinga yonse ndi dzanja limodzi uku ukuyankha foni. Wogulitsayo anandiuza kuti, "Aise, iyi ndi kaboni. Siichita dzimbiri, siipindika, siithyoka." Ziwiri zoyambazo ananena zoona. Chachitatucho ndi chimene chandiimika pano.

Tsiku lina madzulo mu May, ndikuchokera ku Bwandilo magetsi atazima, tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje ndipo ndinagubuduka. Sindinavulale. Nditafika kunyumba ndinaiunika yonse: limu ili bwinobwino, masipoko onse alipo, pafoloko penti atangokandika pang'ono ngati padutsa chikhadabo cha mphaka. Ndinati basi, yapulumuka. Patapita masiku atatu ndinayamba kumva kaphokoso kutsogoloku, "tche… tche…", makamaka ndikagwira buleki kapena ndikaimirira pamapedulo pokwera mtunda. Ndinathira oyilo patcheni, sikanasiye. Ndinamanga mabawuti onse ndi mphamvu zanga zonse, kanasiya tsiku limodzi n'kuyambiranso.

Tsopano mbali imene ndinkabisa ija. Mumtima ndinadziwa kuti china chake sichili bwino. M'malo mofufuza, ndinaganiza zoigulitsa zinthu zisanafike poipa. Ndipo wogula ndinamupeza muno, m'kalabu yathu yomwe ino. Sindimutchula dzina. Tinakambirana kale ndisanaime pano, ndipo ndi iyeyo amene anati ndinene. Tinagwirizana mtengo, kuti adzaitenga mwezi wa June ukamayamba akalandira. Za kaphokoso kaja sindinamuuze.

Kutatsala masiku anayi, ndikutsika mtunda wolowera ku Lingadzi, wakabaza anatulukira kutsogolo kwanga. Ndinagwira buleki, foloko inangoti phwaa, pamwamba penipeni pamene imalowa m'felemu. Panalibe kupindika, panalibe kugwedera kaye. Ndinangozindikira ndili pa tala, fupa la paphewa litathyoka, m'kamwa muli magazi. Ikanadikira masiku asanu, amene akanagona pamsewu paja ndi mnzathuyu, ndalama zake zili m'thumba mwanga.

Milungu isanu ndi umodzi imene ndinakhala kunyumba ndinathera mabando onse pa funso limodzi: chinthu chimene amati n'cholimba kuposa chitsulo chithyoka bwanji ndi buleki wamba, ndipo ndikanadziwa bwanji kuti chatsala pang'ono? Zimene ndinapeza ndi izi.

Tiyambe ndi zimene tonse tikudziwa. Amene munapangapo galimoto zamawaya muli ana, mukafuna kudula waya pulayala palibe, munkatani? Kupinda uku, kubweza uku, kupinda, kubweza. Kupinda kamodzi waya saduka. Koma ukabwereza ka 20 kapena ka 30, pamalopo pamayamba kutentha, kenako waduka, pomwe mphamvu imene wagwiritsa komalizako ndi yomwe ija unayambira. Mainjiniya zimenezi amazitcha kutopa. Chinthu chikhoza kuthyoka ndi katundu yemwe uja chakhala chikunyamula tsiku ndi tsiku, chifukwa ulendo uliwonse umasiya kabala kakang'ono, ndipo timabala timeneti timaphatikizana.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi maliro. Mu May 1952 ndege yotchedwa Comet, yoyamba ya jeti kunyamula anthu olipira, inayamba ulendo wa London kupita ku Johannesburg, ndipo inkatera ngakhale ku Livingstone, kwa anzathu ku Zambia kuno. Pa 10 January 1954 imodzi inaphulika m'mwamba pafupi ndi chilumba cha Elba ku Italy, anthu 35 n'kufa. Pa 8 April chaka chomwecho ina, imene inkapita ku Johannesburg, inachitanso chimodzimodzi, anthu 21 n'kufa. Akatswiri a ku Farnborough ku England anatenga Comet ina yathunthu n'kuimiza m'thanki yaikulu ya madzi. Ankaipopera madzi m'kati, kuwachotsa, kupoperanso, kutsanzira mmene ndege imafufumira ikakwera ndi kuphwa ikatsika. Kuphatikiza ndi maulendo amene inali itauluka kale, itangopitirira maulendo 3,000 inang'ambika. Chinali chitsulo chotopa, monga waya uja.

Komabe chitsulo chili ndi ulemu wake. Chikamatopa nthawi zambiri mng'alu umayamba umodzi, kunja, n'kumakula pang'onopang'ono, ndipo munthu wamaso akhoza kuuona n'kuuyeza. Foloko yachitsulo ukaigunditsa imapindika, aliyense amaona kuti apa pavuta. Kaboni sachita choncho, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kudziwa mmene amapangidwira.

Carbon fibre ndi ulusi. Ulusi umodzi ndi woonda pafupifupi ka 10 kuposa tsitsi la munthu. Amaupanga potenga ulusi wina wonga wapulasitiki n'kuutenthetsa kupitirira madigiri 1,000 m'malo mopanda mpweya woyatsa moto, mpaka chotsala ndi kaboni yekhayekha, mbale wake wa makala. Imodzi mwa njira zoupangira wolimba inatulukira ku Farnborough komwe kuja mu 1963. Ulusi wokha sungakhale foloko, uli ngati thonje. Ndiye amauyala masauzandemasauzande kukhala kansalu kopyapyala, amakanyowetsa ndi guluu wa epoxy, n'kusanjikiza tinsalu tambiri, aka ulusi wake kuloza uku, aka kuloza uko. Akatero amafinya n'kuphika mpaka ziume. Chotuluka ndi chinthu chopepuka pafupifupi kasanu kuposa chitsulo cha kukula komweko.

Ganizirani nsungwi. Kuidula chopingasa ndi ntchito, koma kuing'amba motsata utali wake, ngakhale kampeni kobuntha kamatha. Ndi chifukwa mphamvu yake ili mu ulusi, pomwe chimene chagwirizitsa ulusiwo n'chofooka. Kapena ganizirani pulayiwudi imene yavumbwa ndi mvula: pamwamba ikuoneka thabwa, koma m'mbali ukuona timagawo tikusiyana. Kaboni ali ndi zonse ziwiri. Akamenyedwa, choyamba kusweka si ulusi ayi, ndi guluu wam'kati. Timing'alu timeneto tikafika pamalire a tinsalu tiwiri, tinsaluto timayamba kumatuka. Tsopano buleki iliyonse, bampu iliyonse, ikukulitsa pomatukapo. Tinsalu timene tinkagwira ntchito ngati gulu limodzi tayamba kugwira kalikonse pakokha. Chomaliza ndi ulusi kuyamba kuduka, ndipo zikafika apo zotsalazo zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Ndisamunamizire kaboni. Akakhala wosavulala amapirira kutopa kuposa aluminiyamu, n'chifukwa chake opanga ndege amamukonda. Boeing 787, imene Ethiopian Airlines inali yoyamba kuilandira muno mu Africa mu 2012, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zinthu zosanjikiza zotere, ndipo Airbus A350 imapitirira theka pang'ono. Mdani wa kaboni ndi kumenyedwa: kugwa, kugunda mwala, kugweredwa sipanala, kapena kufinyidwa ndi bawuti yomangitsitsa. Kunja amabwerera mwakale ngati palibe chachitika, pomwe m'kati bala lake ndi lalikulu kangapo kuposa kachizindikiro kali papenti. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Dzenje la ku Bwandilo linaika nyerere, milungu itatu yokwera njinga inazidyetsa, ndipo mabawuti amene ndinamanga mwaukali aja anangowonjezera.

Ndiye funso lenileni: nyerere zili m'kati, tizidziwa bwanji nkuyu tisanaluma? Njira zilipo zingapo. Ndiyamba ndi zimene tingathe ife pano, kenako za akatswiri.

Yoyamba ndi maso, koma maso ophunzitsidwa. Tsukani chinthucho chiyere. Lowani nacho m'chipinda chamdima pang'ono, muunike ndi tochi ya foni chopendeketsa, kuwala kuzidutsa m'mbali osati molunjika. Mukufuna mng'alu wapapenti, potupa, pobonyoka, kapena poyererako ngati pathiridwa mkaka. Yendetsani chala, kenako kansalu kathonje. Kakakodwa penapake ndiye kuti pali ulusi umene watuluka. Finyani ndi chala chachikulu: pofewa kusiyana ndi mbali inayo ndi poopsa. Ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwa kwambiri: chitoliro cha foloko chimene chimalowa m'felemu sichioneka. Uyenera kumasula mahandulo, kuisolola foloko yonse, n'kuyang'ana. Ndi ntchito ya mphindi 15. Yanga inathyokera pomwepo.

Yachiwiri ndi khutu. Agogo anga kumudzi sagula mphika wadothi asanaugogode ndi chala. Ukalira "ngwee" amatenga, ukalira "bwe" amaubweza, ngakhale woumba alumbire kuti ndi wadzulo. Ndinadabwa kupeza kuti okonza ndege amachita zomwezo, ndi kandalama kachitsulo kapena kahamala kakang'ono. Tengani K10 yachitsulo ija imene ngakhale ogulitsa mandasi amaikana, pano yapeza ntchito. Gogodani pang'onopang'ono, mphamvu yofanana, kusuntha pang'ono ngati kukula kwa chikhadabo. Pabwino pamalira mokweza, "ti, ti, ti". Pomatuka pamalira mogontha, "du, du", chifukwa pansi pake pali mpata. Chinsinsi ndi kuyerekeza: gogodani mwendo wakumanja wa foloko, kenako malo omwewo kumanzere. Zikasiyana, pali nkhani.

Koma mumve bwino apa. Kugogoda kumagwira bala limene lili pafupi ndi pamwamba, pamalo opyapyala. Pamalo okhuthala, kapena polumikizira pamene pali chitsulo m'kati, kamvekedwe kamasintha ngakhale pali bwinobwino, ndipo bala lakuya silimveka n'komwe. Ndiye ndalama ikanena kuti pavuta, ikhulupirireni. Ikanena kuti zonse zili bwino, musaikhulupirire yokha.

Yachitatu ndi imene akatswiri amadalira kwambiri, ndipo mukuidziwa. Amene munaperekezapo alongo anu kapena azakhali kusikelo ya amayi oyembekezera, munaona akupakidwa mafuta oterera pamimba, n'kuyendetsa kachipangizo, mwana n'kuoneka pa sikirini. Ndi mawu amene khutu lathu silimva. Ife timamva mpaka kunjenjemera 20,000 pa sekondi, pomwe makinawa amatumiza mamiliyoni. Pa kaboni zimayenda chimodzimodzi: mawu amalowa, amakagunda khoma lakuseri, n'kubwerera. Akapeza mpata pakati, amabwerera msanga, monga mmene mawu amabwererera ukakuwa pafupi ndi phiri. Poyeza nthawi imene atenga, katswiri amadziwa kuti pomatukapo pali pakuya bwanji ndiponso ndi potambalala bwanji, osang'amba chilichonse.

Yachinayi ndi kutentha. Amawalitsa getsi lamphamvu pa chinthucho kwa kanthawi kochepa, kenako amajambula ndi kamera yoona kutentha. Pabwino kutentha kumalowa m'kati n'kumwazikana. Pomatuka mpweya wa mumpata uja umatchinga, ndiye pamwamba pake pamachedwa kuzizira, n'kuoneka ngati banga pachithunzi. Ubwino wake ndi woti amaunika malo aakulu nthawi imodzi, monga phiko la ndege.

Yachisanu ndi X-ray. Ine ndinkaganiza kuti popeza inaonetsa fupa langa, ikanaonetsanso foloko. Si nthawi zonse. Tinsalu tikamatuka koma tili chigonere kamodzi pamwamba pa kanzake, chithunzi cha mbali imodzi chikhoza kusaona kanthu, ngati kuyang'ana buku lotseka kuchokera pachikuto kuti udziwe ngati masamba ena amatuka. Pamafunika CT, imene imajambula kuzungulira mbali zonse, ndipo imeneyo ndi yodula.

Yachisanu ndi chimodzi ndi imene inandikhudza. Timati chakudza sichiimba ng'oma. Kaboni amaimba, kungoti ng'oma yake ndi yaing'ono. Guluu akamang'aluka kapena ulusi ukamaduka, pamatuluka kaphokoso, monga nkhuni zimathethekera pamoto. Akatswiri amamata timakutu tamagetsi pa chinthucho kuti tizimvetsera pamene chikugwira ntchito. Ena amaika tizipangizo toyeza mmene chikupindikira, chifukwa kaboni wotopa amayamba kufewa. Enanso amayeza ndi magetsi, popeza ulusi wa kaboni umadutsa magetsi, ndipo ukamaduka magetsi amadutsa movutikira. Sindikunena kuti phokoso lililonse panjinga ndi mng'alu, ambiri ndi bawuti kapena chishalo. Koma phokoso latsopano limene layamba njinga itagwa, uyenera kulisaka mpaka ulipeze pamene likuchokera.

Tsopano mwina mukuti, "Ukanakhala ndi makina amenewo sukanagwa." Ine ndinkaganizanso choncho, mpaka nditawerenga bwino za Titan. Mukukumbuka mu June 2023, magulu onse a WhatsApp ankangokamba za kasitima kapansi pa nyanja kamene kanasowa kakupita kukaona zotsalira za Titanic. Kanali ka kampani ya OceanGate, ndipo thupi lake linali chitoliro cha carbon fibre chokhuthala pafupifupi masentimita 13. Titanic ili pakuya mamita pafupifupi 3,800. Nyanja yathu ya Malawi pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 700, ndiye uko ndi kopitirira kasanu. Pakuya potero, malo aang'ono ngati chikhadabo chanu amapsinjidwa ndi kulemera kwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi atatu. Kutsika ndi kukwera kulikonse kunali kupinda waya kamodzi.

Mu January 2018 mkulu wina wa pakampanipo, David Lochridge, analemba lipoti lodandaula za chitetezo, ndipo ankafuna kuti thupi la sitimayo liunikidwe m'kati ndi makina. Anamuchotsa ntchito. Mu 2019 thupi loyambalo linapezeka ndi mng'alu, anapanga lina. Kampaniyo inkadalira timakutu tamagetsi tija, kuti tidzawachenjeza nthawi ikadalipo. Ndipo tinawachenjezadi. Mu July 2022, pa ulendo wa nambala 80, sitimayo ikutuluka m'madzi, anthu anamva kuphulika kwakukulu. Ofufuza a boma la America atadzaunika manambala a makina aja, anapeza kuti kuyambira tsiku limenelo thupi la sitimayo linkapindika mosiyana ndi kale, ndipo zidutswa zimene anavuula zinaonetsa magawo a kaboni atamatuka. Koma eni ake sanaiimike kuti aiunike bwino. Inakhala panja nyengo yonse yozizira ku Canada, chaka chotsatira n'kubwereranso m'madzi. Pa 18 June 2023 inaphwanyika, anthu asanu n'kufa, kuphatikizapo mwini kampani, Stockton Rush. Lipoti la US Coast Guard la mu August 2025 linati ngoziyi ikanapewedwa.

Nditawerenga zimenezi ndinazimitsa foni. Iwo anali ndi makina a madola ambirimbiri, ine ndinali ndi makutu awiri. Tonse tinamva. Iwo anali atagulitsa kale mipando ya ulendo wotsatira, ine ndinali nditagwirizana kale mtengo. Vuto lalikulu pa kaboni si kusowa kwa chipangizo ayi. Ndi lakuti kunja amaonekabe bwino, ndiye munthu amene safuna kuluza ndalama amapeza chonamizira: "Taonani nokha, ili bwinobwino."

Wina afunsa kuti ife a ku 47 zikutikhudza bwanji, popeza njinga za kaboni muno sizikwana zisanu. Yang'anani kumwamba. Mu March 2016, muno mu Lilongwe, boma ndi UNICEF anayesa drone yonyamula magazi a makanda okayezetsa HIV, ulendo wa makilomita 10 kupita ku Kamuzu Central. Mu June 2017 anatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Mu January 2020 mu Lilongwe momwe muno munatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ma drone. Kumwera, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ma drone ananyamulapo mankhwala kupita kuzipatala zimene msewu umaduka nthawi ya madzi osefukira. Ambiri mwa ma drone amasiku ano, mikono yake ndi mapiko ake ozungulira ndi a kaboni. Amanjenjemera ulendo wonse, amatera pamiyala, amanyamulidwa kumbuyo kwa galimoto m'misewu yathuyi. Mkono umodzi ukathyoka m'mwamba, chimene chagwa ndi magazi a mwana amene mayi ake akudikira zotsatira, kapena chagwera padenga la munthu. Ngakhale ojambula maukwati ndi zinkhoswe, drone yawo imauluka pamwamba pa mitu ya azakhali athu.

Tonse timafuna kukhala woulutsa. Sindinamvepo wina muno akunena kuti akufuna kukhala wounika, uja amanena kuti, "Iyi lero siuluka." Koma ntchito imeneyo ilipo padziko lonse, ili ndi maphunziro ndi masatifiketi ake, ndipo ndege iliyonse imene imatera ku Lumbadzi inadutsa m'manja mwa munthu wotere. Amene mukudikira mayina a ku MUST kapena ku MUBAS ngati ine, kapena mukuganiza za Lilongwe Technical College, muiganizire.

Nditachira ndinatenga zidutswa za foloko kupita nazo kwa madala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo, amene akhala akutikonzera kuyambira tili ku pulayimale. Ndinati, "Madala, ndikanabwera nayo mukanaona?" Anaitembenuza, anaigogoda ndi sipanala, n'kupukusa mutu. Anati, "Mwana wanga, yachitsulo imandiuza. Ikapindika ndimawongola, ikang'aluka ndimakutumiza kowotcherera. Izi zanuzi n'zachilendo. Koma ukanandiuza kuti inagwa ndipo ikulira, ndikanati uyende wapansi." Sanafune makina. Anangofuna kuti ndinene zoona.

Ndiye ndili ndi zopempha zinayi, ndipo apampando avomera kuti tizikambirane.

Choyamba, chilichonse cha kaboni chimene muli nacho, kaya njinga, kaya drone, chikhale ndi kope lake. Tsiku limene chagwa, lembani: chagwa bwanji, chagunda mbali iti. Jambulani pokandikapo, ndalama ili pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo mudzajambulenso pakatha mlungu. Kutopa kumawerenga maulendo, ndiye nafenso tiziwerenga.

Chachiwiri, chikagwa mwamphamvu, masulani muone m'kati musanakwerenso. Mukapeza mng'alu, pofewa, kapena pogontha, pa foloko, mahandulo kapena phiko la drone, chimenecho chatha. Osathira supagulu, osakulunga selotepi, osapaka penti. Kaboni sawotcherera. Foloko yachitsulo ya kaunjika ndi yolemera, koma mtengo wake sufika pa wa dzino, ndafunsa. Ndipo mukataya chowonongeka, chidulenidule ndi sowo, mutavala chotseka pamphuno, kuti wina asachitole n'kukachigulitsa.

Chachitatu, mabawuti. Pafupi ndi bawuti ya mahandulo nthawi zambiri pamalembedwa nambala, monga 5 Nm. Imeneyo ndi mphamvu yochepa, ya zala, osati ya phewa lonse. Kalabu itagula sipanala imodzi yoyeza mphamvu, tonse tingamabwerekane.

Chachinayi ndi chimene chandivuta kwambiri kunena. Pogula cha kaunjika, kumbukirani kuti simukudziwa chifukwa chimene mwini wake woyamba anachisiyira, ndiye pitani ndi tochi ndi K10, ndipo wogulitsa akakana kuti musolole foloko, siyani. Pogulitsa, nenani zonse: kuti inagwa, kuti ikulira. Mtengo utsika, inde. Ine ndinkaopa kutsitsa ndalama zochepa, ndipo ndinatsala pang'ono kulipiritsa mnzanga ndi khosi lake. Aise, ndinakupepesa kuseri, lero ndikupepesanso pagulu.

Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko pamalo athu a nthawi zonse. Bwerani ndi njinga zanu, ngakhale zachitsulo, chifukwa nazonso zimatopa, makamaka mowotcherera. Amene muli ndi abale akabaza muwaitane. Ine ndibwera ndi zidutswa zija kuti aliyense agogode yekha, amve kusiyana kwa "ti" ndi "du" ndi khutu lake. Njinga yanga ndaiika foloko yachitsulo, ndipo siikugulitsidwanso.

Mafunso ndiyankha, koma amene akufuna kufunsa za dzino adikire tikatuluka.